Pansi pa Kachisi ku Tottori

Tinalowa chokwawa, ine ndi a Masujiro,
kukaona mzati wofumbwa pansi pa kachisi,
pomwe mvula sinapondepo chimangireni.
Tochi yanga inagwa pa mchenga wosalala ngati ufa,
wodzaza timaenje tozungulira bwino.

"Chotsa bondo lako," anatero mmisiriyo.
"Pali eni ake apa."

Kuno amakatcha arijigoku, gehena ya nyerere.
Kamakumba chobwerera m'mbuyo,
kuzungulira, kuzungulira, mutu ndiye fosholo,
mpaka khoma litapendekeka moti kamchenga kamodzi
kakasuntha, konse kumagumuka.
Kenako zii. Pansi penipeni
pangotsala timano tiwiri, yasa.

Nyerere inabwera ndi changu cha mwana wotumidwa.
Phazi limodzi m'mphepete, tereree!
Inakwera, mchenga n'kuibweza.
Inakweranso, mwini dzenje
n'kuyamba kuigenda ndi mchenga, waa, waa,
mpaka inafika pomwe inkadikiridwa.
Sikatafuna ayi. Kamabaya, kamasungunula, kamayamwa,
khungu louma n'kuliponya kunja.

"Zaka ziwiri, mwina zitatu,
kamadya osachita chimbudzi,"
a Masujiro ananong'ona, n'kuseka
mpaka chifuwa chinawatsamwitsa.
"Ngati ine. Zonse ndasunga m'kati."

Tinasuntha jeke kuti tisakwirire maenjewo.
Ntchito ya tsiku limodzi inadya masiku atatu,
bwana wa ku ofesi akukalipa pa foni.

Chilimwe china ndinabwerera ndekha,
phulusa lawo lili kale mumtsuko kuphiri.
Maenje ena anali atafafanizika.
Ndinafukula ndi chala, ndipo ndinapeza
kampira kamchenga kosokedwa ndi ulusi,
koboola pamwamba, kopanda kanthu,
pambali pake kanjere kouma:
katundu wa zaka zonse zija,
wotulidwa kamodzi, tsiku lonyamuka.

Madzulo, pa nyali ya pepala ya pakhomo,
kanatera kena kowonda, ka mapiko anayi
oonekera ngati ukonde,
kouluka mwadzandidzandi ngati mapikowo ndi obwereka.
Wansembe Eishun anati katsala ndi masabata ochepa,
okwana kupeza mnzake ndi kubisa mazira mumchenga.

Sindikudziwa zomwe mkulu uja ankasunga.
Anandisiyira tchizulo zisanu ndi ziwiri
zokulungidwa m'nsalu yakuda ndi thukuta,
popanda kalata.
Ndinazinola usiku womwewo,
ndipo m'mawa ndinalowanso pansi paja,
mawondo m'malere.