Madzi a ku El Alto

Nayra anabwera ndi kagalasi kobwereka kusukulu,
atakakulunga m'sokosi ngati dzira.
Akuti aphunzitsi a Limachi alamula:
kawiritseni madzi kwanu, muyeze kutentha, mulembe.

Ine n'kuti nditangofika kuchokera kumsika wa Lachinayi,
msana uli phwanyu, m'manja mukununkha anyezi.
Sukulu yanga inathera pa kuwerengera chenji.
Komabe ndinayatsa gasi, n'kutereka ketulo.

Kunja chisanu chinkatsetsereka kuchokera ku Huayna Potosí,
tigalimoto ta pachingwe tikuyandama pamwamba pa malata.
Madzi anayamba kung'ung'udza, kenaka bwatabwata.
Kamzere kofiira kanakwera, kanakwera,
kufika pa 86
n'kuima njo, ngati bulu wokana katundu.

Ndinakweza moto. Osasuntha.
Buku likuti handiredi.
Anataya madzi, n'kuthira ena. 86.
Kachitatu, ndi madzi ogula a m'botolo,
amene ndimasungira alendo. 86 yomweyo.

"Chinthuchi n'chakufa, amayi.
Kapena wakufa mutu ndine."
Anatola labala,
n'kuyamba kufufuta zimene maso ake aona
kuti alembe zimene buku likufuna.

Ndinamugwira dzanja.
Madigiri sindiwadziwa, mwanangu, koma sikelo ndimaidziwa.
Zaka makumi awiri ndikuyeza mbatata pamsewu,
muvi ukaloza kilo imodzi sindinena ziwiri
chifukwa choti wogulayo wavala suti.
Lemba chimene waona.
Akakukalipira, udzati ndakuuza ndine.

Ndiye pofuna kungomutonthoza
ndinakumbuka za ukwati wa azakhali ake a Fidelia
ku Santa Cruz, kuchigwa kotentha kuja,
mmene nyemba zinapsera tisanamalize n'komwe miseche,
pamene kuno zimadya gasi mpaka dzuwa kupendeka.
Ndinkangoti nyemba zathu n'zamakani.

Misozi inaima. "Amayi, tabwerezani."

Bambo ake analowa usiku, makiyi a minibasi ali m'manja,
n'kupeza khitchini yonse ili nthunzi yokhayokha.
Atamva nkhani, asanavule ndi jekete lomwe, anati:
"Nanga botolo lija?
Ndikalitseka lopanda kanthu kuno, n'kutsika nalo ku Yungas,
limakafika litafinyika lokha, ngati wina walipondapo."
Zaka zonsezi sanauzepo munthu.
Ankaopa kusekedwa.

Tinakhala atatu kuzungulira ketulo,
palibe wodziwa yankho,
mwana akulemba m'mphepete mwa kope:
nyemba, botolo, chifukwa chiyani?
Tinagona mochedwa. Ndinadzuka mutu ukuwawa.

Lero walowa osagogoda, chikwama chikuuluka kumbuyo.
Akuti mpweya umalemera, amayi!
Kugombe la nyanja umatsindira madzi ngati chivundikiro chachitsulo,
koma ife tili pamwamba, chivundikiro chathu n'chopepuka,
madzi amathawa asanatenthe mokwana,
nyemba n'kutsala zikudikira.
Handiredi ija ndi ya anthu a kunsi.
Akuti theka la kalasi linalemba handiredi,
aphunzitsi n'kuwafunsa: munakawiritsira kunyanja iti,
dziko lathu lopanda gombeli?

Ndaseka mpaka kutsamwa.
Sindinamve zonse, ndisaname.
Za chivundikiro zokha ndi zimene ndagwira,
ndipo Lamulungu ndikawauza a Justina ogulitsa tchizi
kuti tinkazinamizira nyemba.

Kope lili patebulopo.
Pamene anafufuta pachita kabowo,
pambali pake 86, yolembedwa motsindika
mpaka kuonekera patsamba lotsatira.

Tsopano akufuna kuimbira azakhali ake
kuti nawonso awiritse madzi kwawoko, amuuze nambala.
A Fidelia akagwira foni sasiya msanga,
ndipo kagalasi koyezera alibe.
Gasi watha, mwezi usanafike pakati.
Ndamasula mfundo ya kansalu kanga,
ndawerenga, ndawerenganso,
ndamupatsa ya mayunitsi.