Anaiwala Magalasi

Lachiwiri ku Hull mvula siodira.
Ndimatsegula chipinda cha pamwamba pa laibulale
hafu pasiti eyiti isanakwane,
n'kuyala mapepala chafufumimba,
lililonse ndi pensulo yake,
kenako ndimamata chikwangwani pachitseko:
Chete, mayeso ali m'kati.
Theka la anthu olowa pakhomo pano
chaka chatha sakadachiwerenga.

Woyamba kufika ndi Clifford Hebblethwaite,
wotsala chaka chimodzi kuti akwane makumi asanu ndi limodzi,
manja akununkhabe nsomba za kudoko
ngakhale wasamba kawiri.
Moyo wake wonse wakhala akuiwala magalasi:
kubanki, kuchipatala,
pa ukwati wa mwana wake
atamupatsa kapepala koti awerenge m'tchalitchi.
Maso ake anali Maureen.
Maureen anatsogola mu Malichi,
makalata n'kuyamba kuunjikana kuseri kwa chitseko,
ena a zilembo zofiira.

Lero magalasi ali pamphuno.

Kumbuyo kwake kwakhala Tsehaynesh.
Kwawo ku Keren ankagulitsa nsalu,
chenji amachipeza m'mutu makina asanalire.
Funso lachisanu likufuna mtengo wa kapeti
ya m'chipinda cha munthu wina wotchedwa Tom.
Masamu si kanthu.
Chamutsamwitsa ndi liwu limodzi la Chingerezi
lobisala pakati pa chiganizo ngati munga.
Wadzutsa mutu, akundiyang'ana.
Malamulo, tsamba lachitatu, akuti pakamwa panga pakhale potseka.
Ine maso pa koloko.

Ndalondera mayeso zaka khumi ndi chimodzi.
Ndimadziwa kulira kwa labala pa pepala lotopa,
kupuma kwa munthu wamkulu
amene wabwerera mwadzidzidzi pabenchi
pomwe anamuseka ali mwana.
Pepala langa lili ndi timabokosi:
wayamba ndi chilembo chachikulu, chonga.
Waika mpumiro, chonga.
Palibe kabokosi ka mabasi awiri ndi shifiti ya usiku.
Palibe ka manyazi amene munthu wawasiya pamasitepe
pamodzi ndi ambulera.

Satifiketi yake ndi kapepala kopyapyala,
gawo loyamba la magawo oyambira,
komabe abwana akudoko akuti popanda iko
Clifford asakhudzenso foloko yonyamulira mabokosi
imene waiyendetsa kuyambira ine ndili kusukulu.

Kwatsala mphindi khumi ndi ziwiri.
Gawo lomaliza: lemberani mnzanu kakalata,
mumuuze chatsopano chimene mwachita.
Clifford wagwira pensulo ngati sipanala.
Walemba, wafufuta.
Kenako dzanja m'mwamba, pang'onopang'ono,
ngati si lake.

Ndawerama. Akunong'ona:
"Dzina la Maureen,
ma e aja ndi awiri kapena mmodzi?"

Zaka makumi atatu ndi zinayi akuliitana
kukhitchini, kumunda wa kuseri, m'wodi ya nambala seveni,
sanalionepo likutuluka m'dzanja lake.

Ndamuuza zimene buku limati ndinene:
"Pepani, sindingakuthandizeni."
Ndabwerera kutebulo langa.
Ndatsokomola kawiri.
Ndi Novembala uno, aliyense akutsokomola.

Nthawi yatha. Mapensulo pansi.
Ndikutolera mapepala osawayang'ana,
ndamata envelopu, ndasaina pamsoko.
Adzachonga ndi munthu wina ku Coventry
amene sadzamva fungo la nsomba.

Clifford wavula magalasi, wawapinda,
watsika masitepe akuimba mluzu.

Tsehaynesh watsala, akumanga mpango wake mosafulumira.
Funso lachisanu walisiya loyera.
Pakhomo watembenuka,
nati m'Chingerezi chosalala, chopanda polakwika,
choyenera chonga m'kabokosi kalikonse:
"Aphunzitsi, chifuwa chanucho
chimasankha anthu."

Mvula ikadagwabe.
Ndamatula chikwangwani chija,
selotepi yachotsako utoto pang'ono pachitseko.