Njoka Ilibe Zikope

Mazira anali makumi awiri ndi atatu,
m'bokosi la utuchi wonyowa
kuseri kwa nyumba ya Che Twaibu ku Mpondasi.
Yanga ntchito kuwaza madzi, kuwerenga, kulemba m'kope.
Mwezi wa Okutobala magetsi anathima masiku atatu,
fani inaima, malata akuthetheka ndi dzuwa,
ndinakupiza ndi katoni mpaka phewa kuuma.
Kaya ndi pamenepo zinalakwika.
Adokotala akuti mwina, mwinanso ayi.

Anaswa onse kupatula anayi.
Tiana ta nsato, tonyezimira ngati tadzola mafuta,
malilime panja, kulawa dziko.
Kachisanu ndi chiwiri kanatuluka msana utapindika pawiri
ngati msomali wozulidwa m'thabwa lakale.
Kakati kapite kutsogolo, kamagubuduka chagada,
mimba yoyera kuloza kudenga,
ine n'kukatembenuza ndi chala,
kenaka kachitanso.

Kena kanali kathunthu, kosalala, kopanda chilema,
koma katafundula khungu loyamba kanatseka pakamwa.
Ndinakapatsa kambewa kakhanda, kanatembenuza mutu.
Ndinayesa usiku, nyali nditazimitsa.
Ndinapaka fungo la mwanapiye, ndinayesa buluzi,
ndinakakankhira chakudya kukhosi, manja akunjenjemera,
m'mawa ndinapeza katalavula.
Masabata khumi.
Khungu linayamba kukwinyika m'mbali
ngati malaya obwereka kwa mkulu wako.

Mayi Ligomeka anabwera pa njinga yamoto Lachinayi,
akuchokera kobaya mbuzi ku Chimwala,
fumbi mpaka m'nsidze.
Anatigwira tonse tiwiri, kamodzikamodzi, osafulumira.
Anati kopindikako matumbo sadzadutsa kanthu,
kenako katha kale, kangotsala kupuma.
Che Twaibu anafunsa za firiji.
Ayi, iwo anati, kuzizira kumaluma pang'onopang'ono.
Nanga mpeni?
Mutu wa njoka umachedwa kufa, achimwene,
umamva thupi litachoka kale.

Ndiye jakisoni muwiri.
Woyamba wa tulo.
Ndinakagwira ine, pachikhatho,
kanazinga chala changa chachikulu monga kankachitira,
kenaka mfundo ija inamasuka yokha,
ngati chingwe cha thumba lopanda kanthu.
Wachiwiri sindinauone bwino.
Ku mzikiti anali atayamba kuitana swala ya masana
ndipo pakamwa panga panatuluka Bisimila
ndisanaganize ngati n'koyenera.

Njoka ilibe zikope.
Izi ndinazidziwa kalekale, ndimauza ana asukulu akabwera,
koma tsiku lija chala changa chinapita chokha
kukafuna chotseka.
Maso anangokhala momwemo, oyera, akuyang'ana khoma.
Adokotala anadikira, anamvetsera mtima kawiri,
anadikiranso, kenaka anagwedeza mutu
n'kulemba risiti.

Bambo anga anapha njoka zambiri ndi mpini wa khasu.
Ndinkawaombera m'manja.
Mwana wa njoka ndi njoka, ankatero,
ndipo sindikutsutsa, n'zoona,
n'chifukwa chake kanayenera kukwawa mowongoka,
kumeza, kukula, kuopsa anthu.

Ndinakumba pansi pa mpoza, dzenje lofika m'chigongono,
kuti agalu a kwa Sumaili asafukule.
Anyamata okwera kabaza anaima pampanda.
Aunti Asiyatu, maliro a ndani?
Anaseka mpaka mmodzi kugwetsa njinga.
Sindinakwiye. Nanenso ndikanaseka, zaka zinayi zapitazo.

M'kope muli mzere wa tsiku, wa kulemera, wa chakudya.
Mzere wa zimenezi mulibe.
Ndinangojambula kamtanda kawiri m'mphepete,
kenaka ndinafufuta, poti si ka chipembedzo changa,
n'kulemba kuti: tagona.

Totsala khumi ndi tisanu ndi tiwiri
tinali titamva kale fungo la mbewa.
Ndinasamba m'manja ndi sopo,
ndinatsegula bokosi loyamba.
Kanalumpha, kanagwira, kanazinga,
ndipo ndinaima pamenepo mpaka mchira wa mbewa utalowa.