Theka la Magazi

Pa mlatho wa ku Akwesasne
msilikali wa pamalire wavula magolovesi
kuti atembenuze bwino kalata yanga.
"Kuti ukhale kuno, theka la magazi ako
likhale la Amohoki. Umboni uli kuti?"

Theka liti, bwana?
Lija linatuluka mpeni utaterereka
ndikusenda mitengo ya madengu ali kumbuyowa?
Sindinaliyeze.
Linadonthera pa chipale chofewa, galu n'kunyambita.

Tsidya ilo mlongo wanga Karonhienhawi
sakudzukanso yekha.
Nyali ya pakhonde pake ndikuiona ndili pano.
Mayi athu ankaoloka pomwepa pa bwato
kukabwereka mchere,
n'kubwerera mphika usanawire.

Chidindo chagunda: mlendo.
Kumbuyo kwanga galimoto zayamba kuliza mahutala.