Mtengo wa Maso

Zaka makumi awiri ndi ziwiri mumzinda wa Lucknow
ndakhala ndikusoka maluwa oyera pansalu yoyera,
ulusi wopyapyala ngati tsitsi la khanda.
Lachinayi lililonse Idris ankabwera panjinga yamoto,
kuwerenga malaya ngati akuwerenga mazira,
n'kundisiyira marupi mazana atatu pa amodzi.
Ndinkathokoza. Ndinkamupatsanso tiyi wamkaka.

Tsiku lina, ndikukagula mankhwala ku Hazratganj,
ndinaona malaya anga pawindo la sitolo.
Ndinawadziwa: kukhwapa lamanzere
kunali duwa lomwe ndinaphonya usiku umene magetsi anazima,
masamba asanu ndi limodzi m'malo mwa asanu.
Kapepala kolendewera kanati zikwi zisanu ndi zitatu.
Ndinawerenga kawiri, kuyesa maso ayamba kundinamiza.
Mlonda anafunsa ngati ndikufuna kanthu.
Ndinati ayi, ndikungodutsa.

Madzulo tinakwera padenga la Mehrunisa,
amayi asanu ndi awiri pakati pa zovala zoyanika ndi nkhunda.
Zoya, mwana wa mchimwene wanga, wa kukoleji uja,
anatsegula kope.
Azakhali, malaya amodzi masiku angati?
Khumi ndi asanu ndi limodzi.
Maola?
Anawerengapo maola ndani, mwanawe?
Amalowa m'mipata, pakati pa kuphika ndi kuchapa,
pambuyo pa swala ya m'bandakucha, ana asanadzuke.
Iye anati werengani basi.

Tinawerenga ulusi, singano zothyoka, sopo, mafuta a nyale.
Sultana anaseka mpaka kutsamwa
atamva kuti ora lake silikwana kugula kapu ya tiyi wapamsewu.
Kenako analeka kuseka.
Nanga maso? anafunsa Mehrunisa,
amene masiku ano amaitana mdzukulu kuti amulowetsere ulusi pasingano.
Bolopeni ya Zoya inaima m'malere.
Mabuku ake sanenapo za zimenezo.
Ndinati lemba, apatse mzere wawo.

Sabata yonse ndinkayeserera pagalasi.
Nambala inkaima pakhosi ngati munga wa nsomba,
ndipo ikatuluka, lilime linkathamangira kuipepesera:
koma tikhoza kukambirana, koma ngati zavuta.
Zoya anati mukatchula, tsekani pakamwa.
Bata lotsatiralo si ngongole yanu.

Lachinayi ndinati zikwi zitatu.
Idris anaseka. Anatchula malemu amuna anga,
zaka zomwe wakhala akundithandiza, ati,
ndi amayi a kutsidya kwa Gomti
omwe angasoke pa mazana awiri n'kumudalitsa.
Manja ankanjenjemera pansi pa mpango.
Ndinamva wailesi ya aneba, ogulitsa mango akukuwa kumsewu,
ntchentche ikuzungulira kapu yake.
Sindinanene kanthu.
Analiza njinga. Sanabwerenso.

Milungu isanu tinadya mphodza zamadzimadzi ndi chapati.
Sultana anabwerera kwa iye, ndipo sindimuweruza:
ali ndi lendi, ali ndi mwana wa mphumu.
Usiku wina nanenso ndinatsala pang'ono kuimba foni.

Kenako kunabwera Mayi Chaturvedi, wa sitolo ya zovala zaukwati.
Anatembenuza nsalu kuti aone kuseri,
kumene wosoka alibe pobisala.
Anafunsa. Ndinatchula.
Anati zikwi ziwiri ndi theka.
Ndinayamba kupinda malaya, pang'onopang'ono,
mkono uwu, kenako uwo.
Ndisanafike pakolala, chikwama chinatseguka.

Ndalama yoyamba ndinagula magalasi a maso.
Tsopano ndikuona mng'alu wa pakhoma,
imvi m'mutu mwa Sultana tikakumana pampopi,
ndi mzere uja m'kope, womwe sitinaupezerebe nambala.
Kumpendero, mkati, ndimasoka dzina langa ndi ulusi woyera,
Tabassum,
kuti wotembenuza nsalu andipeze.

Tiyi ndimaperekabe kwa aliyense wobwera.
Ameneyo yekha ndiye waulere.