Masamu ndi Chunyo

Kuno ku El Alto mpweya ndi wopereŵera,
ukakwera masitepe asanu mtima umagunda ngati waba.
Lolemba m'maŵa, chisanu chitamata mazenera,
ndinalemba pa bolodi: 3x + 14 = 20.
Choko chinalira. Ana makumi anayi anayasamula pamodzi.

Eloy Tarqui, wokhala kumbuyo pa zenera losweka,
anakweza dzanja osavula golovesi:
"Aphunzitsi, masamu anuŵa ndi chunyo.
Ouma gwa. Ukaluma, logonja ndi dzino."
Kalasi yonse inafa nacho chiseko.
Inenso ndinaseka,
kuseka kwa munthu amene wapondedwa chala.

Chunyo ndi mbatata yathu ya kumapiri:
timaigoneka pachisanu, timaiponda ndi mapazi,
dzuŵa limaimwa madzi onse
mpaka isanduke kamwala kakuda
kosaola ngakhale zaka zipite.

Loŵeruka ndinakwera minibasi yotsikira ku La Paz.
Wolendeŵera pakhomo, akukuwa maina a misewu,
mawu atasasa, makobidi ali phwii m'chikhatho,
anali Eloy.
Mayi wina wa chipewa chobulungira
anatambasula ndalama ya makumi aŵiri:
"Tilipo atatu."
Asanatseke pakamwa, chenji chinali kale m'dzanja lake.
Wina atsika panjira, wina alipirira mlamu wake,
wina akuti ndine wasukulu, ndichotsere,
mnyamata osaphonya ngakhale kakobidi.
Atandiona anagwetsa nkhope.
Yanga anakana kulandira.

Lolemba linalo sindinalembe kanthu.
Ndinati: "Mayi apereka makumi aŵiri,
alipo atatu, wawabwezera khumi ndi zinayi.
Mmodzi walipira zingati?"
"Ziŵiri," anatero Eloy, maso ali panja.
Ndinaloza pa bolodi, pomwe x wa sabata yatha
anali adakaonekera mwa chizimezime.
Anayang'ana nthaŵi yaitali.
"Amenewo si masamu," anatero. "Imeneyo ndi ntchito."

Nélida Apaza, amene chaka chonse sanayankhulepo,
anati chapansipansi:
"Amayi anga chunyo amayamba aviika usiku wonse."

Sindinganame kuti kalasi inatembenuka mtima.
Lachitatu anayasamulanso, Eloy akutsogolera.
Koma pokonza makope usiku uja
ndinapeza m'mphepete mwa tsamba lake
kaminibasi kojambulidwa ndi pensulo,
pampando uliwonse pali x,
ndipo pansi pake funso lopendekeka:
"Nanga tayala likaphulika, aphunzitsi,
timalemba mbali iti?"