Lendi ya Manambala

Magetsi abwera leveni koloko usiku
ngati mlamu wochokera ku mowa,
andipeza ndili kale pampando kuno ku Mabvuku,
laputopu pamiyendo, chisanu cha Juni m'zala.

Pulogalamu yathu ntchito yake ndi yochepa:
kuwerenga zigubu zotungidwa pa mijigo,
ichi chimodzi, icho chachiwiri, basi.
Koma seva yakomoka kachitatu sabata ino.
Ruvarashe walemba ali ku Avondale:
memore yatha, Sekanawo, tawona.

Yatha bwanji?
Manambala amadya chiyani?

Ndayatsa choyezera mulu
ndipo chandijambulira phiri,
lokwera pang'onopang'ono ngati Kopje ukaliona uli m'kombi,
kenako phompho, pomwe makina anafera.
Mizere yake ndi yamitundu ngati dothi la m'chitsime chokumba,
ndipo mzere wonenepa kuposa yonse
ndi wanga.

Taonani nambala iyi, fili.
Ikanakhala yokha, yosavala kanthu,
mabaiti asanu ndi atatu akanaikwanira.
Koma ine ndinaiika m'bokosi,
bokosi lili ndi chikwangwani pakhomo,
kunja kuli chala choloza kumene ikukhala,
ndipo zonsezi zimalipira lendi.
Zina ndinazipatsa mtundu wopanda malire,
woti ungawerenge mchenga wa mu Mukuvisi,
pamene ntchito yake ndi zigubu za mayi Chimwaza,
zomwe sizinaposepo khumi.

Ife tinakula asanu ndi awiri m'zipinda ziwiri.
Bambo, atachoka ku fakitale ya simenti,
ankagona chopinda miyendo kuti chitseko chitsekeke.
Lero mwana wawo ndikupatsa nambala imodzi
chipinda, khonde ndi mlonda.

Komatu chachikulu si chimenecho.
Pansi pa phiri ndapeza malonjezo.
Chilankhulo chomwe ndimalembera ndi chaulesi mwaulemu:
sichiwonkhetsa mpaka wina atafunsa yankho.
Ukati wonjeza chimodzi, chimati ndamva,
n'kulemba kakalata, ndidzachita,
kakalata n'kugwira mchira wa kanzake,
mamiliyoni anayi,
ngati buku la ngongole pa takishopu ya a Mangani,
lomwe linanenepa mpaka mashelefu anawonda.

Wotola zinyalala amabwera ndithu, mokhulupirika
kuposa lole ya khonsolo,
koma sangatole chomwe wina akuchigwirabe.
Amayang'ana, n'kuona chala changa pa chilichonse,
amasuntha katundu yense, kumuika pena,
n'kubwerera chimanjamanja.

Cha m'ma thuu ndaika kachizindikiro kofuula
patsogolo pa dzina limodzi.
Kamodzi kokha.
Tanthauzo lake: lipira pompano.
Ndavula manambala mabokosi awo,
ndawandandalika phewa ndi phewa ngati anthu pamzere wa madzi.

Ndayezanso.

Phiri kulibe.
Kwatsala kamzere kosalala, kotsika,
kokhala ndi mano ang'onoang'ono ngati a sowo,
pomwe wotola uja akulowa ndi kutuluka.
Ndakhala ndikukayang'ana nthawi yaitali kuposa yoyenera.

Panja wilibala yoyamba yayamba kulira,
wina akukagwira malo ku mjigo kusanache.
Chigubu chake chikadzadza
chidzakhala nambala imodzi, yopepuka,
ngakhale m'manja mwake ndi malita makumi awiri.

Ndalembera Ruvarashe: yesa tsopano.
Magetsi apita uthenga usanachoke.